Dongo Langa, Ulemu Wake

Chaka chomwe oyilo wa injini za maboti adatayikira m'dziwe lomwe tinkatsukiramo nsomba, mng'ono wanga adabwera kuchokera kukoleji n'kundipempha dongo langa loumbira mbiya.

"Achemwali, mundiwotchereko, koma lisapse kwambiri ngati mbiya," adatero.

Ndidaliwotcha ndekha, maso akuwawa ndi utsi. Iye adangolisinja n'kulithira m'ndowa ya madzi amafutawo. Dongolo lidayamwa oyilo uja n'kukhazikika pansi, madzi n'kuyera.

Amayi a pagombe adamuimbira nthungululu, ena mpaka adachokera ku Khombedza kudzaona mtsikana wophunzirayo. Palibe amene adafunsa kuti motowo adausonkha ndani.

Ndidasekerera nawo, koma mtima ukundiwawa. Sabata yonseyo sindidamuyankhule bwino, ndipo mpaka lero sadziwa chifukwa chake.