Khofi wa Tsiku la Suhair

Achimwene anga a Mifleh anaphunzitsa masamu a mwayi ku Karak mpaka tsitsi mbuu, koma chifundo analibe ngakhale chodzaza kasupuni. Lamulo lawo linali limodzi: "Ukamayerekeza zinthu ziwiri, tchula nambala iliyonse, uone mbali imene imaifika kawirikawiri. Mbali imodzi ikapambana pa nambala zonse, tseka pakamwa, sankha imeneyo."

Anayambira pa nkhosa. M'khola ili zobereka mwana mmodzi kapena kuposa ndi zingati, awiri kapena kuposa zingati, atatu zingati, kenako khola linalo. Abusa ankathokoza ndi tchizi. Kenako, kalanga ine, anazitengera kwa anthu. Bambo wofunira mwana wake wamwamuna mkazi ankabwera ndi mayina a mabanja awiri, iwo n'kuwerenga ana aamuna amene amayi, azakhali ndi azichemwali a mtsikana aliyense anabereka. Atsikana abwinobwino anakalambira pakhomo chifukwa cha kuwerenga kwawoko.

Ndinawauza maso ndi maso. "Achimwene, ana a eni si nkhosa. Inuyo muli ndi atsikana okhaokha m'nyumba muno."

"Iwe kakande buledi uko," anatero. "Masamu salira."

Mwana wawo woyamba, Suhair, anakondana ndi Nayef, wophunzira wawo wapamtima. Tsiku loti akwawo a Nayef adzafunsire mbeta tinapha nkhosa, mpunga tinaphika wa mudzi wonse. Suhair anavala diresi yobiriwira, ali pa zenera kudikira magalimoto a akuluakulu.

Inabwera imodzi, muli Nayef yekha. Pamwambo wathu, wodzafunsira mbeta amaika kapu pansi, samwa khofi mpaka atamuvomera. Nayef atamuthirira anamwa wonse pomwepo.

"Aphunzitsi, ndayerekeza banja lanu ndi la amalume anga, amene nawonso ali ndi mtsikana," anatero Nayef, maso pansi. "Mwana wamwamuna mmodzi kapena kuposa, iwo ali pamwamba. Awiri, pamwamba. Atatu, kuno kulibe n'komwe. Mulungu ndi mboni, ndinafunafuna nambala imodzi yokha yoti mupambane. Sindinaipeze."

Ndinadikira kuti achimwene amuponyere kapu kumaso. Aaa, iwo anangoloza ine ndi chibwano.

"Azakhali akewa unawawerenga?"

"Ndinawawerenga. Alibe mwana."

"Wakhoza," anatero achimwene, akugwedeza mutu ngati aona mayeso olembedwa bwino. "Sunataye maphunziro anga."

Suhair anali kuseri kwa katani, anamva zonse. Sanalire. Anakavula diresi ija n'kuyamba kutsuka makapu. Ndinalira ndine, ndipo achimwenewo mpaka lero sindinawakhululukire.

Suhair tsopano wayamba imvi, akadali pakhomo pomwepo. Anthu amabwerabe kwa achimwene ndi mayina a mabanja awiri, ndipo wowathirira khofi ndi iyeyo.