Tambala pa bwalo la tenisi

Ine sukulu sindinapondeko, koma bwalo la tenisi la pa boma ku Mchinji ndinamanga nawo ndi manja awa. Sekani, ine ndayamba kale kuseka!

Inali nthawi ya chipani chimodzi, khadi tikusunga m'kamisolo chifukwa popanda iyo mumsika sulowa. Amuna anga anali atangolembedwa kumene ukapitawo wa anthu osamalira panja pa maofesi. Koma ankati akuwayesa kaye, asanawakhazikitse. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya malata ku malayini. Ine mwana wa kwa Mlonyeni, wokulira m'nyumba yodontha, kugona pansi pa malata! Tinalowamo chilimwe, ndiye mvula ikulira pamalatapo ndinali ndisanaimve. Ndinkaidikira ngati ukwati.

Ndiye kunabwera bwana watsopano wochokera ku Zomba. Kamunthu kafupi, masokosi oyera mpaka m'maondo, buku kukhwapa.

"Kapitawo! Boma lopanda tenisi ndi mudzi chabe. Ndikufuna bwalo, ndendende ngati la m'bukumu. Adzatsegula ndi mlendo wamkulu wachipani wochokera ku Lilongwe. Likalakwika, inu ndi mapoto anu pa ngolo, kwanu!"

"Inde bwana." Amuna angawo mawu awo anali omwewo, inde bwana.

Ntchito inayamba. Bwana ndi tepi yake, kuyeza, kukhoma zikhomo, kuzula, kuyezanso. "Inchi, kapitawo! Mwandibera inchi!" Akuti bwalolo ligone mutu kumpoto miyendo kummwera, kuti dzuwa potuluka ndi polowa lisamabaye osewera m'maso. Ine ndinati eee, ife tikulima dzuwa lili pamphumi, awa akulizemba posewera! Azibambo anagumula chulu chachikulu kuseri kwa ofesi, ife azimayi kusenza dothilo m'zidebe, kuthira, kuwaza madzi, kusinja ndi misi ngati mphale. Kenako anthu aamuna nkumakoka diramu lodzaza simenti, gudugudu, uku ndi uku, mpaka pansi gwaa. Anazunguliza waya, nkulemba mizere ya laimu, mbee. Linakoma, sindinama.

Koma Okutobala wa ku Mchinji mumamudziwa? Nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Bwalo la dothi la chulu limafuna madzi tsiku ndi tsiku, mpopi wa pa boma nkuuma. Kutatsala tsiku limodzi kuti mlendo afike, bwana atapita ku Lilongwe kukatenga neti ndi timipira, amuna anga anabwera m'mawa dzuwa lisanakwere, nkukhala pakhonde, manja m'khosi.

"Amayi, yambani kumanga katundu."

"Wafa ndani?"

"Bwalo lang'ambika."

Ndinathamanga kukaona. Ming'alu mbwee, ngati zidendene za nkhalamba. Ndinaseka mpaka kugwira waya.

"Ming'alu basi? Ndiye mukulira? Kodi inu munakwatira ndani? Kwathu pansi pakang'ambika timazira! Pitani kamangeni chisakasa cha alendo, kuno musabwere mpaka ndikuitaneni."

Ndinadutsa m'malayini monse ndikukuwa. "Azimayi, tulukani! Nkhulungo m'manja!" Nkhulungo ndi kamwala kosalala kaja timakhulira pansi tikazira. Ena anapita kudambo kukatapa mtsiro ndi madzi, ena tinapita kukhola la bambo wina wachisilamu wabutchala kukapempha ndowe. Iye kusuzumira zidebe zathu: "Amayi, ndowe zonsezi, kuli phwando lanji kwanuko?" Ine: "La abwana, bambo, mubwere ndi mbale!"

Tinagwada mzere umodzi kuyambira kumpoto, chitenje m'chiuno, nyimbo pakamwa, kuzira chobwerera m'mbuyo. Dzuwa likuumitsa pompo, ena m'mbuyomo akukhula. Mmene limapendeka, bwalo lonse see! Waliwali ngati botolo. Mng'alu ngakhale umodzi. Mizere tinali titaikwirira, koma zikhomo zinalipo m'mbali, ndiye tinakoka chingwe nkubwezera laimu mwakemwake. Inchi ya bwana sitinabe.

Tikanalekera pomwepo!

Koma kwathu ukazirira mlendo susiya pansi pali pululu. Umalembapo kaduwa, kansomba, kanthu koti aone kuti pakhomo pali mkazi. Tinaima tonse, manja m'chiuno.

"Bwalo lonseli lopanda duwa? Mlendo adzati kuno kulibe akazi."

Mkazi wa mesenjala, amene ankatsogolera nyimbo kumisonkhano, anati, "Duwa la chiyani inu? Mlendo wake ndi wachipani. Tambala!"

"Tambalaaa!" tonse, ndi nthungululu.

Tinasinja makala, nkutapa katondo wa lipombo. Wojambula ndinali ine. Ndinayamba kakang'ono, koma uyu akuti mchira wachepa, uyo akuti chifuwa chituluke, tambala wanji wowonda ngati wadwala chitopa. Pomaliza anali ngati thole la ng'ombe, bii, lipombo psuu, atadzaza pakati pa mbali imodzi ya bwalo, pamene wosewera amaima.

Ndinakaitana amuna anga monyada. Anaona kusalala, nkumwetulira. Anaona tambala, pansi khu.

"Wandipha, mkazi iwe."

"Sanakongole?"

"Wakongola! Vuto lake ndi lomwelo! Ndikamusiya, bwana andichotsa. Ndikamufufuta, mawa andinyamula anyamata achipani a malaya ofiira, akuti kapitawo wafufuta tambala. Nanga ndilowere kuti?"

Pamenepo mpamene zinandilowa. Nthawi imeneyo tambala wakuda, ngakhale wa papepala, sunkakulungira usipa. Ndinayang'ana denga langa la malata kuchokera patali.

Kutacha bwana anafika ndi neti yake, akuimba kamluzu. Kamluzu kanaduka.

"Kapitawo. Ichi n'chiyani?"

"Ndi tambala, bwana."

"Ndikuona kuti ndi tambala! M'buku muli tambala?"

Anatukula dzanja kuti alamule tsache ndi madzi. Kutembenuka, anyamata a malaya ofiira ali ndondondo pawaya, akuombera tambalayo m'manja. Dzanja lija linatsika lokha nkukanda khutu. Anangonong'oneza, koma ine ndinamva, makutu anga ndi a mbewa: "Mlendo akangochoka, mulongedze."

Mlendo uja anafika, chimunthu cha mimba, galimoto lakuda. Tinavina, tinagwada, anadula kansalu pachipata. Kulowa, kuona tambala, anaima. Anavula chipewa.

"Ndayenda maboma ambiri ine," mawu ake ngati akuchokera mu mtsuko, "koma bwalo lokonda chipani chonchi sindinalione. Anaganiza zimenezi ndani?"

Bwana wathu msangamsanga: "Ife, bwana, ife! Ine ndi kapitawo wangayu. Tinakhala pansi."

Munakhala pansi! Ndinaluma chitenje.

"Kapitawo ameneyu mumusunge. Anthu otere ndi osowa."

"Inde bwana!" Taonani, lero inde bwana watuluka pakamwa pa wamasokosi.

Ndiye ati asewere. Mlendo, wochenjera, anasankha mbali yopanda tambala. Bwana wathu inamugwera ya tambala. Mayo ine! Kumuponda sangamuponde, anthu onse akuona. Kampira kakabwera, iye kulumpha mchira, kuzungulira kumutu, kutang'adza pakhosi ngati akuwoloka ngalande. Pansi pake posalala paja, nsapato tereree, matako pansi phi, miyendo m'mwamba kuti chidendene chisakhudze nthenga. Kudzuka, "Pepani, pepani," osadziwika akupepesa mlendo kapena tambala. Dzuwa nalo litakwera, kafungo ka ndowe kanayamba kudzuka. Mlendo kununkhiza: "Aaa, mpweya wakumudzi, wabwino!" Bwana wathu: "Wabwino kwambiri, bwana!"

Kenako mlendo mwiniwake anamenya kampira, nkukagwa pamlomo pa tambala penipeni. Pho! Bwalo lonse zii. Ngakhale ana kumsana analeka kulira. Mlendo anayang'ana uku, anayang'ana uku.

"Wajompha! Tambala wajompha!"

Anaseka iye, ndiye tonse tinaloledwa kuseka. Ine ndinagubuduzika m'fumbi, mkazi wa mesenjala pamwamba panga.

Sabata yomweyo amuna anga anawakhazikitsa. Akanawachotsa bwanji munthu woti wamkulu wanena kuti mumusunge? Bwana ankasewerabe madzulo ndi aphunzitsi ndi adokotala, onse kukanganirana mbali yopanda tambala ngati ana pa chipwete. Akadutsana ndi amuna anga, maso kumwamba: "Kapitawo, kuno mvula imayamba liti?"

Inabwera masana ena, ya mabingu, yoyamba ija ya fungo. Tambala anasungunuka, madzi akuda nkutsikira mu ngalande. A malaya ofiira anabwera kudzayang'ana, nkubwerera okha. Akanamanga ndani? Mvula ilibe khadi.

Ine zonsezo ndinachita kumva. Nthawi imeneyo ndinali m'nyumba mwanga, chilili pakati, ndikumvera malata. Wawawawa! Ngati ng'oma zonse za kwa Mlonyeni zakwera padenga. Amuna anga akuyankhula, ndikungoona milomo.

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti sikudontha!"

"Kwezani mawu!"

"Sikudonthaaa!"

Tinakuwirana choncho mpaka inakata. Anthu amandifunsa kuti agogo, bwanji mumayankhula ngati muli kutsidya la mtsinje? Ndi malata amenewo. Mawu anakwera tsiku limenelo, mpaka lero sanatsike.