Kwathu Kulibe Botolo Lamasiye

Mvula itagwetsa nyumba yathu ku Majaua, mkazi wanga, amake Zeka, anapinda mphasa n'kukakhala kwa mchemwali wawo. "Mukadzamanga khoma losasungunuka mudzandiitane," anatero. Ine mkamwini wa imvi mbuu, ndizikagona pakhonde pa alamu? Ndinakwera shapa, minibasi ya ku Nampula.

Kumeneko ndinapeza ganyu poumba mabuloko. Mchenga wa kumtsinje sindinauone. Panali chigayo chopera miyala, chikulavula mchenga wokhakhala, ndipo china pambali chinkadula mabotolo ndi mabeseni osweka kukhala tizidutswa ngati mamba a nsomba. Patarau wathu, mwini malowo, ankawaza tizidutswato pang'ono m'simenti.

"Patarau, dzuwa likaswa mtengo nyumba imeneyi sidzanunkha jumbo?"

"Iwe madala, nyamula uone."

Buloko linali lopepukirapo ndithu. Ndinalimiza mumgolo wa madzi, n'kumakalizonda ngati wodwala. Silinasungunuke. Ukachulutsa pulasitiki limafumbutuka ngati chigumu. Zimenezonso ndinayesa, ndipo ndinatukwanidwa m'Chipwitikizi chokoma kwambiri.

Lamulungu ndi limene linkandipweteka. Anzanga akucheza m'Chimakua, ine osamva kanthu, ndikuseka pamene ena aseka. Ndikatumiza kangachepe pafoni ya alamu, yankho linali lomwelo: "Akuti zafika. Akuti khoma lili kuti?"

Ndinabwerera ndi matumba a simenti komanso matama. Mchenga sunavute. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Milange ankangotaya fumbi lake, ine n'kumasefa. Kumtsinje sindinapiteko, poti okumba mchenga anali atagumula gombe mpaka kudya dimba lathu. Pulasitiki ndiye ndinkati ndingotola, si ku Nampula timachita kupondapo?

Abale inu, kwathu kulibe botolo lamasiye. Ili la mafuta ophikira, ilo la mbewu ya nyemba, lija la kachasu wa mkulu wina wa kutchalitchi amene sindimutchula. Jumbo amachapa n'kuyanika pachingwe ngati malaya a ukwati. Nditagwira chigubu chobooka kuseri kwa nyumba ya alamu, anatuluka liwiro. "Alamu, siyani! Mukuikira nkhuku m'menemo!"

Mitambo inayamba kuda kumapiri ine ndili ndi zotsekera mabotolo zosadzaza n'chipewa chomwe. Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wofunsira mbeta. Ankandiseka kuti Nampula yandizunguza mutu, komabe aliyense ankalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanthu kakufa kenikeni, atakaganizira ngati akupereka mbuzi. Ndinkaduladula ndi chikwanje pachitsa.

Khoma litauma, mvula yoyamba inalimenya mpaka kutopa yokha. Amake Zeka anabwera mphasa ili kumutu, osaitula. Anazungulira nyumba yonse, n'kuima pa kachidutswa kofiira kosuzumira pabuloko.

"Ili si beseni la malemu amayi?"

"Achemwali anu ndiwo anapereka."

Anakakanda ndi chala, kenaka n'kutula mphasa. "Apa musapake pulasitala."

Sindinapake paliponse. Mpaka lero wodutsa aliyense amaima n'kufunafuna chake pakhoma, ndipo akachipeza amakhala pansi n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Ndinapita kutali kukaphunzira kumanga nyumba ya anthu awiri, koma eni ake ndi mudzi wonse. Ngakhale nkhuku ya alamu ija imadzaikira pakhonde pano, poti chigubu chake chili m'khoma.