Chitsulo Chosalira

Pa galaja imene ndinkagwirapo ntchito kuseri kwa msika wa Maramba, panalibe wondiposa pa kumva chitsulo. Sindikudzitama ayi, ngakhale kudzitamako ndimakutha ndithu.

Munali chapakati pa zaka za m'ma 1990, galimoto zakale zochokera kunja zitayamba kudzaza mu Livingstone, ngozi nazo zitachuluka. A kampani ina ya inshuwalansi anatulukira nzeru. Galimoto ikaphwanyikiratu ankalipira mwini wake, n'kukokera chigobacho kumpanda wawo cha ku Nakatindi. Ikagundidwa ina sankagulanso sipeya yatsopano. Ankangopita kumpanda kuja, kumasula chitseko, boneti kapena nyali, n'kutibweretsera kuti timange.

Zimenezo ine ndinalibe nazo mawu. Chitseko ndi chitseko, ukachiwongola n'kuchipenta palibe amafunsa kwawo. Koma zitsulo za kunsi, zogwira matayala, ndinali nazo mwambo wanga. Ndinkazitsuka ndi parafini, kuzipachika pa waya, kenako n'kuzigogoda ndi sipanala. Chitsulo chabwino chimalira nthawi yaitali ngati belu la kusukulu. Chokhala ndi mng'alu mkati chimangoti gwa, basi. Anzanga ankandiseka kuti ndikuombeza, ine n'kumawauza kuti adzabwera okha kudzaombezetsa.

Chaka china, Pasaka atayandikira, inabwera takisi ya mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Ntchito yake inali yonyamula alendo kuchokera m'mahotela kupita nawo ku Mosi-oa-Tunya. Thiraki ya makala inamugunda kutsogolo chakumanzere, iye n'kutuluka wopanda bala. Chinkamuwawa chinali nyengo. Madzi anali atadzaza kumathithi, alendo ali mbwee, iye akuyenda wapansi.

Woona zowonongeka wa ku inshuwalansi anali bambo wa tayi, amene ankayenda m'galaja monyang'ama poopa girisi. Anabweretsa zonse pa tsiku lachitatu: bampala, nyali, ndi mkono wachitsulo umene umagwira tayala lakutsogolo. Mkonowo unkaoneka bwino kuposa umene tinachotsa. Ndinautsuka, n'kuupachika, n'kuugogoda. Unangoti gwa. Ndinasintha waya, n'kugogodanso mbali ina. Chimodzimodzi.

Ndinawauza kuti sindimanga. Bambo wa tayi anautembenuza uku ndi uku, nati saona vuto, ndipo kampani yawo siigula chatsopano chifukwa cha makutu a makaniko. Anawonjeza kuti chatsopanocho chiyenera kuchokera ku Lusaka, masabata atatu. Mwini galaja anandikokera pambali n'kundikumbutsa monong'ona kuti ntchito za inshuwalansi ndi zimene zimatidyetsa tonse. Ndinamumvetsa, koma sindinasunthe.

Amene anandipweteka mtima ndi mlamu wanga. Anaimirira pakati pa galaja, anthu onse akumva.

“Ba mulamu, mangani chabe. Motoka ni yanga, moyo ni wanga. Manje imwe mwankala Mulungu wa magalaja?”

“Moyo ni wanu,” ndinatero, “koma wamasiye azankala ni mulongo wanga.”

Ndinaona kuti pakamwa sipathandiza. Ndinatenga mkono uja, n'kuupana pa vayisi, n'kunyamula hamala yaikulu. Ndisaname, hamalayo ili m'mwamba ndinakayika. Chitsulo chija chikanapirira, ndikanatuluka pa geti tsiku lomwelo anthu akundiseka mpaka kumsika. Ndinamenya kamodzi, osati mwamphamvu kwenikweni, ndipo chinaduka pakati.

Tonse tinawerama kuyang'ana poduka paja. Pafupifupi ponse panali pakuda ndi dzimbiri lakale. Powala, pamene panali pogwiranabe, panali kamzere kochepa ngati chikhadabo cha mwana. Bambo wa tayi anatenga chidutswa chimodzi ndi mpango, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasaina pepala loitanitsa chatsopano osandiyang'ana kumaso.

Ndinapambana, koma sizinandikomere. Kampani ija inasamutsira ntchito zake ku galaja ina, ndipo mwezi utatha mwini galaja anandiuza mwaulemu kuti ndikapume. Ndinanyamula bokosi langa la masipanala n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi poimikira matakisi. Sindinagone ndi njala. Madalaivala anali atamva nkhani ya hamala, ndipo aliyense wopatsidwa sipeya yakale ankayamba wadzera kwa ine kuti ndimugogodere.

Nyengo ya Pasaka inamudutsa mlamu wanga ali pakhomo. Galimoto itatuluka ankandidutsa pamtengo paja nkhope ili kumbali, osaliza ngakhale hutala. Mlongo wanganso anasiya kubwera kunyumba, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuchotsedwa ntchito, chifukwa mwana ameneyo ndinamulera ndine.

Mlongo wangayo anatulukira m'mawa wina mu Julaye, kukuzizira, akuchokera kumsika ndi dengu la masamba. Moni wake unali waufupi. Anati kwawo nkhaniyo amaimva mbali imodzi, ndiye akufuna aone yekha chitsulo chimene chinawadyetsa ndiwo zopanda mafuta mwezi wathunthu. Theka lake ndinali nalo m'bokosi, ndipo ndinamupatsa. Anayendetsa chala pa dzimbiri paja mpaka kufika pa kamzere kowala.

“Apa peka ndiye penze pogwira?”

“Apo peka.”

Kenako anandiuza zimene sindinkadziwa, kuti Lolemba la Pasaka mlamu anali atakonza zowatenga onse, iye ndi ana atatu, kukaona amayi a mlamuyo ku Kalomo, pa msewu uja wa maenje ndi mathiraki. Ananena zimenezi maso ali pa chitsulo.

Anachikulunga m'nyuzipepala, n'kuchiika pansi pa masamba m'dengu muja, nandifunsa ngati ana anga ali ndi majuzi chaka chino.