Dimba la achemwali kuseri kwa fakitale

Fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff itazima, anthu ambiri anamanga katundu n'kubwerera kumidzi kwawo. Ife tinalibe kobwerera. Bambo athu anachoka ku Malawi akadali mnyamata, nakalambira m'mafamu a kufupi ndi Kwekwe, ndipo mudzi wawo timangoudziwa dzina. Mlendo sagawiridwa munda. Choncho alamu anga atamwalira, achemwali anga aakulu anatsala ndi adzukulu awiri ndi khasu.

Anatsegula dimba m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa kuseri kwa fakitale. Analima monga amayi anatiphunzitsira: usanaponye mbewu, yamba wamanga gombe. Anadzala senjere mothithikana, nthochi pambuyo pake, ndipo bango sankalola kuti munthu alikhudze. Kwina konse madzi ankadya nthaka chaka ndi chaka, koma pa achemwali gombe linali chiimire. M'menemo munkatuluka mpiru, nkhwani, maungu ndi chimanga. Ana aja ankadya, zotsala n'kugulitsa pa siteji ya makombi, maminibasi a kuno. Ndinkati ndikaona dimbalo, ndinkathokoza Mulungu amene saiwala mkazi wamasiye.

Kumtunda kwa mtsinje womwewo kunafika makorokoza, anthu okumba golide. Poyamba ndi mafosholo, kenako ndi makina. Anagwetsa mikuyu, anapatutsa mtsinje, madzi n'kusanduka ofiira ngati magazi a mliri wa m'Malemba. Akawathamangitsa lero, mawa ankapezeka abwerera.

Tsiku limene ndikulikumbukira linali la m'dzinja, chimanga chitamasula ngaiyaye, zisononkho zikadali mkaka wokhawokha. Ndinali komweko, ndikuthandiza kupalira. Inaima lole, n'kutsika bwana wina wa ku ofesi ya boma ndi amuna a ganyu onyamula zikwakwa. Mmodzi mwa iwo anali bambo wa kwaya ya mpingo wathu, woimba besi, amene anagwirapo ntchito pa ng'anjo imodzi ndi malemu alamu.

Bwana uja anayeza ndi mapazi kuchokera pamadzi, n'kunena kuti lamulo likuletsa kulima pafupi chotere ndi mtsinje, chifukwa khasu limagumula gombe.

"Bwana, taliyang'anani gombe langali," anatero achemwali. "Lagumuka pati? Ndiye mukweze maso muone kumtundako."

"Gogo, ine andituma za chimanga," anayankha bwanayo. "Za golide zili ndi eni ake."

"Ndiye dikirani chikhwime. Ndikakolola ndichoka ndekha."

Mmodzi wa aganyu, wovala magalasi akuda, anaseka. "Mabhurandaya!" anatero, dzina limene amatinyoza nalo ife a ku Malawi. "Mukufuna munda? Bwererani kwanu mukalime."

"Kwathu n'kuti, mwanawe?" anatero achemwali. "Mchombo wanga unakwiriridwa pa famu ili kuseri kwa phiri ilo, amako asanabadwe."

Bambo wa kwaya sanafune kukweza nkhope. Anangoti chapansipansi, "Pepani mayi. Ana anga agona ndi njala. Ndi basa chabe ili, ntchito basi."

"Dulani, bambo," anatero achemwali. "Dulani bwino. Lamlungu mudzatiimbire za mbalame zimene sizifesa."

Anadula. Sanalekere chimanga chokha. Bwana anati chilichonse chodzalidwa ndi munthu chichoke, ndiye senjere anagwa, nthochi zinagwa ndi mikoko yake yosakhwima. Fungo la dimba lodulidwa ndi lokoma, ngati la udzu watsopano, ndipo kukoma kwakeko kunandinyansa. Achemwali anakhala pansi n'kuyamba kusenda zisononkho chimodzichimodzi, kufuna ngakhale chimodzi chootcha. Sanachipeze. Madzulo ake mbuzi za anthu zinakhuta.

Malemba amalamula wokolola kuti asamalize m'mphepete mwa munda, asiyire mlendo ndi wamasiye. Achemwali anali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete ndi momwe anawalanda. Ndakhala ndikufunsa za zimenezi m'mapemphero anga. Sindinayankhidwe, koma sindinasiye kufunsa, pakuti ndikudziwa kuti kulira kwa osauka sikugwera pansi.

Mvula yomaliza itabwera, gombe lopanda senjere linagumuka, n'kuonetsa miyala yoyera, yokhala ndi golide, pansi pake. Makorokoza anaiona. Pofika m'chisanu, pamene panali dimba panali maenje akuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo lole ija sinabwerenso.

Ana sadya lamulo. Achemwali anavala nsalu yawo yakale n'kupita kukapempha ganyu kwa makorokoza omwewo. Anawalandira mwachipongwe. "Gogo wa chimanga wabwera! Mupatseni mtondo!" Anayamba ndi kusinja miyala. Kenako anawaika kotsuka, kumene amasakaniza matope ndi mekyuri, mankhwala olemera onyezimira aja ogwira golide. Ankawapukusa ndi manja opanda kanthu, n'kuwafinya m'kansalu, kenako n'kuwotcha pa supuni, utsi ukuwalowa m'mphuno. Palibe anawauza kuti ndi poizoni. Nditawauza ine, anandifunsa ngati ndabweretsa ufa.

Chaka chisanathe manja anayamba kunjenjemera. Anasiya kusoka. Mawu nawo anayamba kutuluka mokoka, ngati a munthu amene wangodzuka.

Lamlungu lina la Mgonero, mkulu wa mpingo anawapatsa kachikho. Anakagwira ndi manja awiri, koma kasanafike pakamwa kanakhuthukira pa bulauzi yawo yoyera ya amayi a mpingo. Kwaya inali ikuimba, besi ikumveka bwino. Mayi wina kumbuyo kwathu ananong'oneza mnzake, mokweza ndithu kuti timve: "Wayamba kachasu wa ku maenje."

Achemwali sanatembenuke. Anaika kachikho pansi bwinobwino, n'kuphimba banga ndi dzanja. Kuchokera tsikulo sanayandikirenso gome la Ambuye. Ndinawachonderera, abusa anawayendera, koma anati sangatayenso magazi a Mpulumutsi pamaso pa anthu. Lolemba m'mawa anandipempha kuti ndiwamangire mpango kumutu, poti zala zinkakana mfundo, ndipo anatsetserekera kumaenje kukatsuka.