Dividi yameza disiki ya bamayi

Mwachoma bwanji nonse, ndine Tisa pa foni ya batate.

Lero tinapita kumsika, ku maliketi ya Matero, kukafuna dividi, poti yathu ija inapsa. Zatsopano zadula kwambiri, ndiye batate anati tione za salaula.

Ndinanyamula disiki ya phwando la kichini pate la ba Esnati, ija muli malemu bamayi akuyimba. Ilipo imodzi yokha, ndipo inakalikakalika. Batate anati dividi imene iwerenge disiki imeneyo ndiyo tigule.

Yoyamba inakana. Yachiwiri, yakuda yopanda limoti, inavomera. Tinamva bamayi akutsokomola pang'ono, monga ankachitira asanayambe nyimbo. Pomwepo malaiti anapita, disiki n'kutsala m'kati.

Wogulitsa anafuna tikaitenge mawa, anati, "Mudala, bwelani mailo, nizakusungilani bwino."

Batate anayankha kuti, "Mkazi wanga sagona ku maliketi."

Anthu anaseka, koma batate sanaseke. Anagula yomweyo osanenerera mtengo, tinaikulunga m'chitenje changa, ndipo m'basi anainyamula pamiyendo njira yonse.

Tsopano ili patebulo pafupi ndi masipika, malaiti sanabwerebe. Sitikudziwa ngati ndi yabwino, kapena ngati chitseko chake chidzatseguka. Ba Yona oyandikana nafe akuti angathe kuimasula ndi sikuludilaiva, koma ine ndikuopa kuti angakale disiki. Batate angokhala pampando akuiyang'ana.

Bamalume, inu mumadziwa za malaiti. Tiwalole ba Yona atsegule, kapena tiwasiye bamayi momwemo mpaka malaiti abwere?