Nyemba yofiira ya mu ndowa

Ndikukumbukira chaka chomwe atate anga, mkulu wa mpingo wathu ku Kanakantapa, anasintha maganizo kawiri chifukwa cha nyemba imodzi.

Sukulu yathu inali ya denga lodontha, ndipo desiki imodzi tinkapanikizanapo anayi. Ndiye kunamveka kuti sukulu yogonera komweko, yomwe masisitere anamanga kufupi ndi boma la Chongwe, itenga ana ochepa a giredi seveni mwaulere, yunifolomu ndi nsapato zomwe. Ofuna anali ambiri, choncho anati pachitike maere. Mwana aliyense apise dzanja mu ndowa ya nyemba yovindikira ndi chitenje. Wotola yofiira wapeza malo, wotola yoyera abwerere kwawo.

"Iyo ni njuga, amake Daliso," anatero atate. "Mwana wanga sazangena sukulu na njuga."

Amayi sanatsutse. Anangotchula kuti a Banda, mkulu mnzawo wa atate yemwe ankalimbirana naye mpando wakutsogolo kutchalitchi, akupita ndi mwana wawo. Kutacha, njuga ija inali itasanduka chifuniro cha Mulungu.

Mwana amene ankamunenayo anali Daliso, mchimwene wanga. Anandiposa zaka ziwiri, koma giredi faivi anaikonda kwambiri moti anakhalamo mpaka ine ndinamupeza. Sabata yonse dzanja lake lamanja linasanduka chinthu chopatulika. Makolo athu ankalipempherera m'mawa ndi madzulo, kulidzoza mafuta, kuliletsa kugwira khasu kapena chingwe cha mbuzi. Daliso ankakhala pansi pa mango dzanja lili pa bondo, akudya ndi lamanzere. Ntchito zake zonse zinagwera ine: kuthirira repu kudimba, kutunga madzi, kutsekera mbuzi. Manja anga anang'ambika ngati mphasa yakale, ndipo mtima unkandiwawa.

Tsikulo ndinapita nawo kuti ndinyamule ambulera ndi botolo la madzi. Pabwalo panali fumbi, fungo la sopo watsopano, ndi makolo ovala zapatchalitchi akupemphera chamumtima kuti ana a anzawo alephere. Mwana wa a Banda anatola yoyera, atate nkukhosomola mokhutira. Daliso anapisa dzanja lonyezimira lija, nasankhasankha nthawi yaitali ngati akugula nkhuku. Anatulutsa yoyera.

Tikutembenuka, sisitere wachikulire anandiloza. "Nanga uyu sali mu giredi seveni?"

"Ali," anayankha amayi msanga, atate asanatsegule pakamwa.

Ndinapatsira amayi ambulera, ndinapisa dzanja, ndinatola yoyamba kukhudza chala. Yofiira! Amayi analuluta mpaka duku linagwa. Ine m'maganizo ndinali nditavala kale nsapato zakuda zija.

Atate anandilanda nyembayo mwaulemu, nkupita nayo kwa sisitere. "Basisita, ni nyumba imozi iyi. Lembani chabe Daliso."

Sisitere anakana. Anati malo ndi a dzanja lomwe latola.

Tinabwerera pa minibasi. Titafika kunyumba atate anakhala pa mpando wawo, nkutiitana tonse. Anati alingalira mozama panjira, ndipo Mzimu wawakumbutsa zomwe ananena poyamba. "Ni njuga. Nyumba ya Mkhristu siingadye za njuga." Anawonjezanso kuti mtsikana akagonera kutali amabwerako ndi mimba, komanso repu ndani azithirira?

Amayi anawachonderera masiku angapo, anapita ngakhale kwa abusa. Abusa anati mutu wa banja ndi mwamuna. Malo anga anapatsidwa kwa mwana wina, ndipo ine ndinabwerera pa desiki yathu ya anthu anayi. Ndinalira mpaka maso anatupa, Daliso akundifunsa ngati ndatsekera mbuzi.

Masiku ano zinthu zasintha. Ana anga aakazi onse ali pasukulu, ndipo palibe amene angawauze za repu ine ndili moyo. Daliso ali ku Lusaka, amabetcha mpira pafoni, ndipo atate amamutumizira mapemphero timu yake ikamasewera. Atatewo anakalamba, amakhala kwa ine kuno ku Chongwe, komwe ndimagulitsa nyemba pamsika. Alendo akabwera amakonda kuwauza kuti banja lathu silinakhalepo ndi mwayi wa sukulu.

Ine ndimangowaphikira nyemba zofiira, ndipo amazidalitsa ndi pemphero lalitali asanadye.